Abambo Anga ndi Madzi a Siliva

Abambo anga anagwira ntchito yolawa tiyi pafakitale ina kwathu ku Thyolo kuyambira ine ndisanabadwe mpaka nditabereka mwana wachiwiri, koma tiyiyo sanammezepo. Ife ndife a Sabata, tiyi sitimwa. Akuluakulu a mpingo atawaitana kalekale kuti afotokoze za ntchitoyi, abambo anati iwo amangomuzunguza m'kamwa n'kulavulira m'chitini, ndipo amene akukayika apite akaone chitinicho. Palibe anapita.

Ndili mwana ndinalowamo kamodzi m'chipinda cholawiramo. Munali tebulo lalitali, makapu oyera atandanda, ndi zenera lalikulu. Abambo ankatunga ndi supuni, kukoka ndi phokoso limene ife kunyumba akanatikwapula nalo, kutseka maso, kulavula, n'kunena mawu amodzi kapena awiri. Kalaliki ankalemba. Ankadziwa kuti masamba awa athyoledwa kumunda wakumtunda, awa anachedwa kufika kufakitale, awa anapserera poumitsa. Akanena kuti apserera, munthu wina ankaitanidwa ku ofesi. Lilime lomwelo ankabwera nalo kunyumba. Amayi anakhala zaka zonsezo akuphikira munthu wodziwa kuti tomato wa m'ndiwo anagona masiku awiri.

Ine ndimagwira ntchito mu labu ya pakiliniki ya esiteti. Ndimabaya anthu chala, kupaka magazi pakagalasi, kuthira utoto, n'kuyang'ana pa maikulosikopu ngati muli tizilombo ta malungo. Masiku ano tikudalira kwambiri timapulasitiki toyezera tija, koma makinawo alipobe ndipo ndimawapukuta Lolemba lililonse.

Atapuma pantchito, abambo anachoka m'nyumba ya kampani n'kukakhala kumudzi kwa amayi, cha ku Makwasa. Anadzala nthochi, nandolo ndi chinangwa, kenako mawondo anayamba kuwawawa. Chiperoni chikagwa ankakhala pakhonde atafunda bulangete m'miyendo, akuyang'ana minda ya tiyi kutsidya ngati pali wina akulakwitsa kumeneko.

Nthawi ya korona, alamu anga, amuna a mng'ono wanga, anabwera kuchokera ku Joni chifukwa ntchito yawo inali itaima. Ena akamachokera kumeneko amanyamula mabulangete ndi mapoto. Iwo ananyamula kabokosi kakuda, mawaya awiri, ndi tindodo tiwiri toyera tonga masipoko a njinga. Anati ndi siliva weniweni. Anatisonkhanitsa pabalaza tsiku la Sande masana, n'kupempha amayi kuti atseke makatani.

Anaviika tindodoto m'botolo la madzi n'kulumikiza mawaya ku batire ya sola. Tinadikira. Palibe chinachitika kupatula tithovu pakandodo kamodzi. Patapita nthawi anathira madziwo m'tambula, n'kuthira madzi wamba m'tambula ina, kenako anatulutsa katochi konga cholembera, kowala zofiira. M'madzi wamba kuwalako kunadutsa osaoneka. M'madzi enawo munaoneka kamzere kofiira, kowongoka ngati ulusi.

"Mwaona, apongozi?" anatero alamu. "Ameneyo ndi nano."

"Nano ndi ndani?" anafunsa amayi.

Alamu anafotokoza kuti ndi tizidutswa ta siliva tating'ono kwambiri moti maso sangatione, koma kuwala kukatigunda timaonetsa njira yake. Anati piritsi limathera m'mimba, pamene nano amapita mpaka m'kati mwa maselo, tizipinda tating'ono timene timapanga thupi. Anati amapha majeremusi onse, komanso ndi zachilengedwe.

"Kalongonda nayenso ndi wachilengedwe," anatero amayi, "koma ndimamuphika tsiku lonse ndi kutaya madzi ake." Ananyamuka kukatsegula makatani.

Abambo anaitanitsa supuni ndi tambula ya madzi a siliva. Anatunga, anakoka, anatseka maso. Tonse tinadikira kuti ayambe kufunafuna polavulira. Anameza.

Mlungu umenewo ndinawerenga pafoni zonse zimene ndinapeza, n'kufunsanso adokotala a pakiliniki pathu. Sande yotsatira ndinapita kumudzi nditakonzeka. Ndinapeza amayi akusenda nandolo pakhonde, abambo ali pampando wawo. Ndinatola kanjere kamodzi ka nandolo n'kugwira nsonga ya chitenje cha amayi.

"Abambo, nsalu iyi tiyese ndi kakhungu ka selo," ndinatero. "Selolo likanakhala dengu lothyoleramo tiyi, kadutswa ka silivako kakanakhala ngati kanjere ka bonongwe. Kakafika pakakhungupo, kakhunguko kamapindikira m'kati, kukakuta, n'kudukira m'katimo ngati kathumba." Ndinakankha nandolo ndi chala n'kupota nsaluyo monga amayi amamangira kiyi. "M'kathumbamo muli timadzi towawasa. Timasungunula siliva pang'onopang'ono, ndipo wosungunukayo amamatirira kutiziwalo timene timapatsa selo mphamvu, n'kumatisokoneza. Majeremusi amafadi naye. Koma siliva sadziwa kuti selo ili ndi la jeremusi, ili ndi la abambo. Kunja, pabala, amathandiza, ngakhale kuchipatala kuli mafuta a zilonda zamoto okhala ndi siliva. Kumwa ndi nkhani ina. Thupi limatulutsa wina, wina amatsala, ndipo wotsalayo amakhazikika."

Abambo anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamawondo.

"Ndiye kuti amalowa ndithu," anatero.

"Amalowa."

"Apongozi sananame."

Amayi anandiuza kuti ndisiye chitenje chawo ndipo nandoloyo ndimubwezere m'lichero.

Ndinaganiza zowaonetsa ndi maso. Ndinatenga anyezi asanu ndi mmodzi kukhitchini kwa amayi, atatu ndinawakhazika pakamwa pa mabotolo a madzi wamba, atatu pa mabotolo a madzi a siliva, matako awo akukhudza madzi. Ndinawandandika pazenera n'kupempha kuti asawasunthe. Nditabwera patatha mlungu, atatu oyamba anali atatulutsa mizu yoyera yaitali ngati ndevu za mbuzi. Enawo anali ndi timizu tifupitifupi, nsonga zake zofiirira ngati zapsa.

Abambo anavala magalasi n'kuyang'ana botolo lililonse palokha.

"Ngati zafota mizu," anatero, "jeremusi angapulumuke?"

"Abambo, mizuyi ndi maselo amoyo, ngati anu."

"Ine si anyezi."

Amayi anaphika atatu a mizu yaitali. Enawo anakawakwirira kuseri kwa nthochi kuti nkhuku zisawatole.

Ndinali nditadulako timizu tina n'kutisunga, choncho ndinawaitana abambo kuti abwere ku labu. Anabwera atamanga tayi. Ndinaphwanya nsonga ya muzu pakagalasi, kuthira utoto wabuluu, n'kuwakhazika pampando wanga. Zinawatengera nthawi kuti apeze poika diso. Atapeza, anayang'anitsitsa. Anati zikuoneka ngati malaini a nyumba za kukomboni ukaziyang'ana uli paphiri, ndipo m'nyumba iliyonse muli munthu mmodzi wakhala pakati. Ndinawauza kuti ndi momwemo. Kenako ndinaika galasi la muzu wa m'siliva. Mmenemo malaini anali opindikapindika, nyumba zina zitafwamphuka, ndipo maselo ogawikana, amene amakulitsa muzu, anali ochita kusakasaka.

"Nanga silivayo ali pati?" anafunsa.

"Saoneka pamakina awa. Ndi wamng'ono kwambiri. Pamafunika makina ena amene kuno kulibe."

Anachotsa diso n'kuvala magalasi.

"Ndiye iwe sunamuone, apongozi sanamuone. Nonse mukungokhulupirira. Koma apongozi ali ndi tochi."

Anathokoza anzanga onse a pakiliniki mmodzimmodzi, napita kukakwera njinga yamoto.

Misewu itatsegulidwa, alamu anabwerera ku Joni n'kusiya kabokosi kaja ngati mphatso. Ndikaganiza lero, vuto lenileni linayambira pamenepo. Alamu ankapanga madzi oyera mbee, ndipo ankati supuni imodzi patsiku ndi yokwana. Abambo atatsala okha anapeza kuti madziwo ndi opepuka, alibe thupi, mawu omwe ankanenera tiyi wosaphikika bwino. Anayamba kusiya mawaya nthawi yotalikirapo. Anatulukira kuti kamchere pang'ono kamafulumizitsa ntchito ndipo madzi amachita mtambo. Ankadzuka m'mawa, kupemphera, kulumikiza batire, kukhala ndi wotchi pamwendo. Ankathira m'makapu atatu, kulawa iliyonse, kusankha yabwino, n'kumwa kapu yonse. Zotsalazo sankataya. Ankamwa masana.

Ankati mawondo apepuka. Inali nyengo yotentha, ndipo mawondo awo ankapepuka chaka chilichonse nyengo imeneyo, koma nditanena zimenezi anandifunsa ngati mawondowo ndi anga.

Apa ndiyenera kunena zoona. Ndinatopa. Ndinali ndi ana, ntchito, ndi amuna anga amene ankati nkhalamba ikapeza chochita m'mawa uyenera kuthokoza. Ndikapita kumudzi ndinkaona mabotolo pashelefu n'kuyang'ana kumbali. Abambo anali osangalala kuposa chaka chimene anapuma ntchito. Anali ndi chinthu chofuna lilime lawo. Panapita mvula ziwiri ndili chete.

Tsiku lina amayi anandiimbira foni ndili pantchito.

"Ubwere udzawaone abambo ako. Akuchita phulusa."

Anati anayamba kuona kale, n'kumaganiza kuti ndi kusadzola. Anawagulira gilisalini. Anasintha sopo. Kenako kukwaya, kumene abambo amaimba besi ali mzere wakutsogolo, mayi wina anafunsa amayi kuti jambula akumupeza kuti nyengo ino, poti nkhama za abambo zikuoneka kuti adya wambiri.

Ndinapita madzulo a tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Ndinawapempha kuti atuluke pabwalo. Abambo anga ndi akuda, kuda kosalala kumene kale kunkawala akadzola. Tsopano pachipumi, pamasaya ndi kuseri kwa manja panali mtundu wina pansi pa kudako, wotuwa ngati lata lakale. Ndinawagwira dzanja. Pansi pa zikhadabo panali potuwa mopita kubuluu. Ndinawapempha kuti ayasame. Nkhama zinali ndi mzere wa mtundu wa sileti. Ngakhale koyera kwa maso kunali kutazilala.

"Ukundiyang'ana ngati mbuzi ya pamsika," anatero.

Ndinawauza kuti mawa tikupita kuchipatala chachikulu. Anavomera mosavuta, zimene zinandidabwitsa, mpaka m'mawa nditaona kuti akulunga kabokosi kaja m'thaulo kuti akaonetse madokotala.

Namwino woyamba ataona zikhadabo anathamanga kukatenga kachipangizo kopanira pachala, koyezera mpweya wa m'magazi. Anapana chala chimodzi, anapana china, kenako anadzipana yekha kuti aone ngati kakugwira ntchito. Mpweya unali bwinobwino. Anatilowetsa kwa adokotala, mayi wachitsikana wocheperapo kwa ine. Anamvetsera mtima, chifuwa, n'kufunsa ngati abambo amamwa mankhwala ena alionse. Abambo anamasula thaulo.

Adokotala anayang'ana tindodo tija, timene tsopano tinali titaonda ngati singano, n'kuyang'ananso abambo. Anafunsa kuti kapu yake ndi yaikulu bwanji, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji. Kenako anati zimenezi anangoziona m'buku, ndipo anapempha chilolezo choti aitane ophunzira. Abambo anakonza tayi. Analowa anyamata ndi atsikana a mayunifomu oyera, nazungulira bedi. Adokotala anafotokoza kuti siliva amayenda ndi magazi n'kukakhazikika pakhungu, m'nkhama, m'maso ndi m'ziwalo zam'kati, ndipo dzuwa likamuomba pakhungupo amada, monga zinkachitikira pojambula zithunzi zakale. Abambo anayasamira aliyense payekha. Atamaliza anawafotokozera za mchere ndi nthawi yoyenera kusiya mawaya. Mmodzi analemba.

Anatenga magazi. Zotsatira zitabwera, adokotala anati chiwindi chili bwino, impso zatopako pang'ono, koma sangathe kunena ngati ndi siliva, ukalamba kapena kuthamanga kwa magazi. Anati mtunduwo suchoka. Palibe sopo, palibe piritsi. Akasiya kumwa sungawonjezereke kwambiri, ndipo azivala chipewa.

"Ndiye kuti sindikudwala?" anafunsa abambo.

"Lero simukudwala, bambo. Koma musiye. Chonde musiye."

Pa mawu onsewa abambo anatolapo oyambirira ndi a chipewa. Tinaima pasitolo ya Msilamu wina pamsika, anayesa zipewa zinayi, nasankha cha mlomo waukulu. M'mawa mwake amayi anandiimbira kuti alumikiza batire monga mwa masiku onse.

Ndinawakalipira pafoni, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibadwire. Anandisiya ndilankhule mpaka kumaliza, kenako anafunsa za ana. Mng'ono wanga analira, n'kuimbira amuna ake ku Joni, amene anati iwo ananena supuni imodzi. Zinali zoona, ndipo sizinathandize aliyense. Amayi anabisa batire m'nkhokwe ya nandolo. Abambo anakabwereka ya aneba.

Patapita miyezi ingapo, kufakitale kunachokera uthenga. Munthu amene abambo anamuphunzitsa ntchito, yemwe tsopano ndiye wamkulu wa olawa, anali atalandira achinyamata awiri atsopano, ndipo anafuna kuti aphunzitsi ake akale abwere tsiku limodzi adzawaonetse mmene ntchito imagwiridwira. Abambo anasita okha malaya. Anapukuta nsapato kawiri. Tinapangana kuti akamaliza adutsire pakiliniki masana tidzadye limodzi, poti fakitale ndi kiliniki zayandikana.

Nthawi isanakwane n'komwe, ndinatuluka kukaitana wodwala wotsatira n'kuwapeza atakhala pabenchi pakati pa amayi othyola tiyi, chipewa chili pamwendo. Ndinawalowetsa mu labu n'kutseka chitseko.

"Mwamaliza kale?"

"Makapu onse akukoma supuni," anatero.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, akuyang'ana sinki. Anati makapu anali atandanda monga kale. Analawa yoyamba, anamva chitsulo. Yachiwiri, chitsulo. Anaitanitsa supuni ina. Anachukucha m'kamwa ndi madzi. Achinyamata aja anali ataima ndi mapensulo. Anayamba kuweruza ndi maso ndi mphuno, ndipo kwa makapu angapo zinayenda. Koma wophunzira wawo wakale uja anali ataikapo dala kapu ya tiyi wopserera pang'ono, kuti achinyamatawo aone mmene nkhalamba imamugwirira. Abambo analawa, analavula, n'kunena kuti ali bwino.

"Ndiye anati chiyani?"

"Anaseka. Anawauza anawo kuti, mwaona, abambo akukuyesani kuti aone ngati muli maso. Anawo anasekanso." Anatembenuza chipewa. "Ananditchinjiriza. Mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira supuni."

Anati kukoma kwa chitsuloko anayamba kukumva kalekale, koma ankaganiza kuti ndi mapoto a amayi. Anali atawauzapo kawiri kuti agule ena.

Panja wodwala wina ankatsokomola. Ndinawathirira madzi m'kapu yanga, anamwa pang'ono n'kuika pansi.

"Zija unkanena ndi chitenje cha amayi ako," anatero, "tanenanso."

Ndinanenanso, ndi mpango wa m'thumba mwawo ndi kabatani kamene ndinapeza m'dirowa. Ulendo uno anafunsa funso.

"Lilime nalonso ndi maselo?"

"Ndi maselo, abambo."

"Ndiye ndi silivayu."

"Sindikudziwa. Mwina ndi iyeyo, mwina ndi zaka. Ndilibe choyezera."

Anagwedeza mutu ngati yankho limenelo ndi limene alikhulupirira kuposa onse amene ndinawapatsapo. Sanadye. Ndinawaperekeza pamsewu, pakati pa minda, thirakitala yonyamula masamba itatidutsa n'kutisiyira fungo lake. Anaima, anakoka mpweya, n'kunena kuti mphuno yokha ikadalipo.

Amayi akuti m'mawa mwake abambo anadzuka, anapemphera, anamasula mawaya, anakabweza batire ya aneba, n'kukhuthulira mabotolo onse m'dzenje la chimbudzi. Kenako abambo anandiimbira kuti ndibwere Sande, tili ndi ulendo.

Ndinali ndisakudziwa kuti ankagawira anthu. Analipo atatu, onse a kumpingo, ndipo abambo ankawapititsira botolo mwezi uliwonse kwaulere. Anati poti ndi iwo anapereka, ndi iwo ayenera kukatenga, ndipo ine ndipite nawo kuti ndikanene za nsalu zija. Tinayenda wapansi, kukwera ndi kutsika, iwo patsogolo ndi ndodo, ine ndi jumbo.

Woyamba anali mayi wamasiye. Atamva nkhaniyo anaseka n'kuulula kuti sanamwepo, poti madzi a mtambo amawakumbutsa sopo. Ankatsukira bala la mbuzi yawo imene inalumidwa ndi galu, ndipo balalo linapola bwino. Abambo anandiyang'ana. Ndinati zimenezo ndi zotheka. Mayiwo anapereka botolo, n'kutipatsa mapeyala awiri.

Wachiwiri anali mphunzitsi wopuma, amene mwezi uliwonse ankathokoza abambo pakhomo la tchalitchi kuti msana wasiya. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi katoni. Mabotolo onse anali odzaza, osatsegulapo. Anati sanafune kuwakhumudwitsa. Abambo anayang'ana katoniyo kwa nthawi, kenako anafunsa za msana. Mphunzitsiyo anati ukuwawabe.

Wachitatu anali kapitawo wakale wa m'minda, munthu wamkulu kuposa abambo, wa mawu amene kale ankamveka kuchokera kumtunda mpaka kusikelo. Iyeyu ankamwa, supuni ziwiri patsiku, ndipo anakana. Anati kuyambira pamene anayamba sanadwalepo chimfine. Ndinatulutsa mpango, koma anandiuza mwaulemu kuti ndiusunge. Nkhalamba ziwirizo zinasiya Chichewa n'kulowa m'Chilomwe, chimene ine ndimamva koma sindiyankha bwino. Mawu anakwera. Kenako abambo anaimirira, anavula chipewa, anapita pamene panali dzuwa, anavula magalasi, n'kukoka mlomo wam'munsi ndi zala ziwiri. Anaima choncho pabwalo la eni. Akazi a kapitawo anatuluka kukhitchini n'kuima pakhomo.

Kapitawo anayang'anitsitsa. Anati abambo anachita kunyanyira, ndipo chilichonse ukanyanyira chimapweteka. Botolo limene ali nalo amaliza, poti ndi mphatso. Abambo anati lina silibwera. Kapitawo anati aona. Tinatsanzika bwinobwino. Tili pamsewu, akazi ake anatithamangira kudzatipatsira nthochi, ndipo pansi pa nthochizo, m'mbale, panali botolo.

Pobwerera jumbo inalemera, ndipo katoni ya mphunzitsi ndinasenza pamutu. Mawondo a abambo anatupa masiku atatu.

Lilime linabwerera pang'onopang'ono, koma osati lonse. Chitsulo chija chinayamba kuchepa patapita miyezi. Tsiku lina tikudya, anaima, anatseka maso, n'kunena kuti m'therere mwachuluka soda. Amayi anayang'ana mbale yawo kwa kanthawi, kenako anati soda ndi yemweyo wa masiku onse, ndipo amene sakufuna akhoza kudya nyemba. Kufakitale sanawaitanenso, iwonso sanafunse. Impso timakayezetsa nthawi ndi nthawi, ndipo mpaka pano zili pomwe zinali. Alamu anabwera pa Khirisimasi, anagwada pakhonde nthawi yaitali akupepesa, ndipo abambo anawauza kuti adzuke, mchere sanathire ndi iwo.

Mtunduwo sunachoke. Anthu a kumudzi anazolowera. Alendo amayang'ana kawiri, n'kuyang'ana kumwamba ngati kwachita mtambo.

Chaka chatha chitupa chawo cha unzika chinatha ntchito, ndipo ndinawaperekeza kuboma kukajambulitsa china. Tinaima pamzere mpaka masana. Titalowa, mnyamata wojambula anawakhazika kutsogolo kwa nsalu, anawapempha kuti avule chipewa, anajambula, n'kuyang'ana pakompyuta. Anakwinya nkhope. Anasuntha mpando kuuyandikiza kuzenera n'kujambulanso. Anapukuta diso la kamera ndi malaya. Anazimitsa getsi, analiyatsanso. Kenako anaitana mnzake wa tebulo lina, ndipo awiriwo anawerama pakompyutapo akunong'onezana, wina akuti ndi waya, wina akuti azimitse ayambirenso. Kumbuyo kwathu mzere unayamba kung'ung'udza.

Abambo anawasiya kwa kanthawi. Kenako anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Achimwene," anatero, "makina anu ali bwinobwino. Ndi ineyo."

Mnyamatayo anadzutsa mutu, nawayang'ana koyamba iwo eni, osati pakompyuta. Anafunsa ngati akufuna kuti ayeseko kuwalitsa chithunzicho pang'ono. Abambo anati ayi, apolisi angadzakane kuti ndi iwo. Anadinda zala, anasaina, anathokoza onse awiri, navala chipewa.

Pa minibasi yobwerera anandipempha kuti ndikhale mbali ya dzuwa. Ndinakhala. Tisanafike pamphambano ya kwathu anali atagona, mutu uli paphewa panga, ndipo kondakitala anachita kundifunsa kawiri kuti titsikira pati.